Mkamwini wa Pachitseko

Feston Kachingwe ankadziwa kuti ndi wochimwa ngati munthu wina aliyense, koma panali chinthu chimodzi chimene ankachiyesa chuma chake pamaso pa Mulungu. Chinthucho chinali ulemu umene ankapereka kwa apongozi ake. Chibwerereni a Nambewe ku Durban, iye anali asanawayang'anepo kumaso, asanadyepo iwo akuona, asanakhalepo nawo pampando umodzi. M'mawa uliwonse ankanjuta kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono, n'kulankhula ndi thabwa.

"Mwadzuka bwanji, apongozi?"

Ndipo thabwalo linkayankha ndi mawu a mayi wachikulire: "Tadzuka, kaya inu akamwini."

Anzake ankamuseka kuti mwambo wotere anthu amausiya pachipata cha Dedza pamodzi ndi makwacha otsala m'thumba. Iye sankawamvera. Ankati lamulo lolemekeza makolo silinanene kuti limathera pamalire a dziko.

A Nambewe anachoka ku Mponela chifukwa cha mwana wawo Tereza, mkazi wa Feston. Tereza anali woyembekezera kachitatu, koma m'nyumbamo munalibe mwana. Kawiri konse anapita padera, ali yekha pakati pa anthu achilendo, ndipo ulendo uno ananena mosabisa kuti sangalimbe mtima popanda amayi ake pafupi. Iye ankagwirabe ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Queensburgh. Ankanyamuka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa, miyendo itatupa.

Nyumba yawo inali pamwamba m'chinyumba chakale chosanjikiza pakati pa mzinda. Inali ndi chipinda chimodzi, chimene anapatsa a Nambewe, ndi pabalaza pamene ankaphikira ndi kuyala matiresi awo. Pakati pa ziwirizi panali kanjira kopapatiza, ndipo m'kanjiramo ndi mmene munali chitseko cha chimbudzi. Chinali chogejemula, chakalekale, ndipo munthu akakoka tcheni madzi ake ankabangula mpaka oyandikana nawo kudziwa.

Kale Feston ankasokera pakhonde la sitolo ya mmwenye wina pafupi ndi pokwerera matakisi. Koma mu Epulo chaka chimenecho, 2015, mzinda unatembenukira alendo. Anaona ndi maso ake anthu akuthamangitsidwa ndi zikwanje, ndipo tsiku lomwelo anasenza makina ake kubwera nawo kunyumba. Malo okhawo amene panali polumikiza magetsi ndi kawindo kopereka kuwala anali m'kanjira muja. Anaika tebulo lake mmenemo, moyang'anizana ndi chitseko cha chimbudzi, moti munthu wofuna kulowa ankayenera kumupempha kuti asunthe mpando.

Zipolowe zitazizira, mwini sitolo anamuitana kuti abwerere. Feston anakana.

"Apongozi sadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chizulu," anauza Tereza. "Wina akagogoda ayankha chiyani? Ndikhala nawo pano. Ndipo asatuluke panja. Angotsegula pakamwa basi, anthu adziwa kumene achokera."

Tereza anamuthokoza misozi ili m'maso. Feston sananene kuti nayenso ankaopa kubwerera pakhonde lija. Choncho anakhala m'kanjiramo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, makina ali tatatata, ngati mlonda wokhulupirika. Ofuna kusoketsa ankamupeza pomwepo. Ngakhale ulusi ankatuma Tereza kuti agule pobwera.

Pa chakudya napo sanaumire. Ankagula zimene ku Mponela zimaoneka pa Khirisimasi pokha: buledi woyera wofewa, poloni, soseji, tchipisi, ufa woyera ngati thonje, zakumwa za m'mabotolo.

"Adya bonongwe ndi mgaiwa moyo wawo wonse," ankatero. "Kuno adyeko za ana a mfumu."

Koma mbale zinayamba kubwerera kuchokera kuchipinda zitangogwidwa m'mbali. Jagi ya madzi imene Tereza ankasiya m'mawa ankaipeza madzulo ili yodzaza monga anaisiyira. Akafunsa, amayi ake ankati kuno kukuzizira, ludzu silibwera. Feston ankamva zimenezi n'kuganiza mumtima kuti apongozi ake ndi munthu wodziletsa, wozolowera kusala.

Ndipo Lamlungu linkamutsimikizira maganizo amenewo. Mpingo wawo, wa Amalawi ndi anthu a ku Zambia, unkasonkhana m'holo ina ya lendi pamwamba pa masitolo. Kukangocha Lamlungu a Nambewe ankakhala atavala kale, duku lili kumutu, akufulumiza mwana wawo. "Tereza, tiye, tichedwa." Ankafika anthu asanayale mipando, ndipo akangofika ankalowera chakumbuyo kwa holoyo n'kukhalitsako. Feston mpaka anaimirira tsiku lina nthawi ya maumboni.

"Abale, ife achinyamata tichite manyazi," anatero. "Apongozi anga amalakalaka nyumba ya Ambuye monga nyama yaludzu ilakalaka mtsinje. Asanakhale pansi amayamba apita kukapemphera paokha."

Mpingo unati ameni. A Nambewe, kumbali ya amayi, anaweramitsa mutu mpaka duku kugunda mawondo, ndipo Feston anati kumeneko ndiye kudzichepetsa.

Lachitatu lina chakum'mawa anaimitsa makina kuti alowetse ulusi, ndipo m'kachetechetemo anamva kubuula. Ananjuta pachitseko.

"Apongozi, kwagwanji?"

"Palibe, akamwini. Ndi kam'mimba chabe."

Koma mawuwo anatuluka ngati a munthu wosenza mwala. Anaimbira Tereza, foni inangolira m'chikwama kwinakwake ku Queensburgh. Anagogoda kwa a Halimah, mayi wa ku Mangochi wokhala khomo loyandikana nalo amene ankagula katundu kukagulitsa kumudzi, koma anali atapita kukaoda. Panalibe wina. Anatsika masitepe iye patsogolo, a Nambewe pambuyo atagwira khoma, ndipo anayenda chomwecho osalankhulana mpaka pakachipatala ka m'dera lawo.

Namwino anali mayi wachizulu wojintcha, wa nkhope yabwino koma wotopa ndi mzere wa anthu umene unali panja. Atamva kuti gogoyu sadziwa Chingerezi kapena Chizulu, anauza Feston kuti alowe nawo azimasulira. Feston analowa n'kuima atayang'ana khoma.

"Hawu, bhuti, khomalo lakulakwira chiyani?" anaseka namwinoyo, akumutchula achimwene m'Chizulu.

Anayamba mafunso ake m'Chingerezi. Pakupweteka ndi pati? Zinayamba liti? Akusanza? Feston ankapereka mafunsowo kukhoma, ndipo mayankho ankabwera kuchokera pabedi. Kenako namwino anafunsa mosavutika, ngati akufunsa nthawi:

"Afunse kuti anachita liti chimbudzi komaliza, ndipo chimatuluka bwanji."

Feston anayang'anitsitsa khoma lija. Mawu amenewo kwa apongozi! Mawu amene ngakhale kwa mkazi wake ankawazungulira! Anaona ngati akawatchula, zonse zimene anamanga ndi kunjuta kwake kwa m'mawa uliwonse zigwa nthawi imodzi, ndipo mayi wachikulireyo sadzathanso kukhala naye pansi pa denga limodzi.

"Akufunsa ngati mumagona bwino," anatero.

"Timagona," anayankha a Nambewe.

"Akuti zonse zili bwino," Feston anauza namwino.

Namwinoyo anadina pamimba pa wodwalayo, apa ndi apo, nkhope yake n'kusintha. "Mimbayi yauma ngati ng'oma. Afunsenso. Tsiku lililonse?"

"Akuti tulo timabwera tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse, akamwini."

"Akuti tsiku lililonse, sister."

Namwino anamuyang'ana kumsana kwa kanthawi. Kunja mwana wina anali kulira, ndipo wina anagogoda pachitseko. Anapereka mapiritsi opha ululu, n'kunena kuti ngati sizisintha kapena akayamba kusanza, abwere nawo msangamsanga osadikira.

Madzulo ake Tereza atamva, anataya chikwama pansi n'kuthamangira kuchipinda. Feston anakhala pamakina osasoka. Thabwa lija, limene linkanyamula moni wake, linamubweretseranso mawu amene sanafune kuwamva.

"Mwana wanga, Halimah akuti akwera basi Loweruka. Ndipita naye."

"Amayi! Mwezi wanga ndi wamawa uno."

"Ndikudziwa. Koma thupi langa lakana dziko lino. Ndisadzakusenzetse maliro pamwamba pa mimba."

"Takulakwirani chiyani? Ndi chakudya? Ndi abambo a kunyumba kuno?"

"Usawatchule akamwini. Munthu waulemu ngati ameneyu sindinamuone."

Tereza anatuluka atagwira mimba yake ndi manja onse awiri, monga ankachitira masiku oipa aja. Anaima pafupi ndi mwamuna wake.

"Kuchipatala anawafunsa zonse?"

"Zonse."

"Ndipo inu munamasulira zonse?"

"Zonse," anatero Feston.

Pakati pa mzinda wa Durban palibe tambala woti angalire. Koma pansi pamsewu takisi ina inaliza hutala nthawi yomweyo, ndipo Feston anaimva mpaka m'mafupa. Pa pemphero la chakudya mawu anamuthawa, Tereza n'kumalizitsa yekha.

M'mawa mwake Tereza anapita kuntchito maso ali ofiira, atamupempha kuti ayesere kuwanyengerera amayi. Feston ananjuta pachitseko, napereka moni, nalandira moni wofooka, nabwerera pamakina osawanyengerera. Anadziuza kuti funso la namwino linali laling'ono, kuti madokotala amafunsa zambiri zopanda ntchito. Koma msoko uliwonse umene anasoka unakhota, ndipo anakhalira kusomola.

Dzuwa litakwera a Halimah analowa osadikira kuti awayankhe odi, atakoka zikwama ziwiri zazikulu zamizeremizere.

"Telala wa Ambuye! Mazipi awa andichititsa manyazi pa Beitbridge, undikonzere lisanafike Loweruka. Eish, ndathamanga m'tauni monse, chikhodzodzo chili pakhosi, ndipo kwanga mwana watseka n'kupita ndi kiyi. Sunthako ndi chimpando chakocho ndidutse. Ndipo upondetu makinawo mwamphamvu, uimbenso nyimbo ya kwanu kutchalitchi, usamve zimene sizikukukhudza."

Feston anaseka pang'ono n'kusuntha mpando. A Halimah anagwira chitseko cha chimbudzi, koma sanalowe. Anayang'ana chitsekocho, anayang'ana mawondo a Feston, anayang'ana chitseko cha kuchipinda chimene chinali pafupi moti munthu akanatha kugwira zonse ziwiri atatambasula manja.

"Iwe Feston," anatsitsa mawu. "Umachoka nthawi yanji pamenepa?"

"Sindichoka, anti. Ndimalondera apongozi."

"Ngakhale masana?"

"Ndimadyera pompano."

"Nanga pogona?"

Analoza matiresi amene anali ataimikidwa kukhoma. "Timayala apa, mutu uli pakhomo pa kanjiraka, kuti wina akalowa ndimve."

"Ine ndine wa m'mabasi, manyazi ndinawasiya pa Tete," anatero a Halimah. "Koma mayi wa ku Mponela, mkamwini wake ali pachitseko usana, ali pachitseko pogona, ndi chimbudzi chobangula ngati ichi. Unayamba wawasunthirapo mpando umenewu ndi kamodzi komwe?"

Feston anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndipo yankho linamugwera ngati khoma. Sanawasunthirepo. M'mawa ankamva madzi a m'beseni kuchipinda, ndipo Tereza ankatuluka ndi kachitini kovindikira, iye n'kuyang'ana kumbali mwaulemu osaganiza kanthu. Anakumbukira jagi yodzaza. Anakumbukira mbale zobwerera. Kenako anakumbukira Lamlungu, ndi kumene zimbudzi za holo ija zinali, ndi umboni wake, ndi duku lija litagunda mawondo.

"Mayo ine," ananong'ona.

"Amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko," anatero a Halimah. "Koma sananene kuti atani akapeza mkamwini atakhalira chitsekocho."

Analowa kuchipinda n'kutseka. Feston anathawira pawindo la pabalaza kuti asamve, koma anamvabe mawu a a Halimah akunyengerera, kenako kulira kwa munthu wamkulu, kotsika, kwamanyazi. Atatuluka a Halimah nkhope yawo inalibenso nthabwala.

"Lamlungu lapitali anayesa, zinakanika. Lam'mbuyo mwakenso. Thupi ukalikaniza nthawi yaitali limasiya kupempha. Akhala akudzimana madzi ndi chakudya kuti asakuvutitse. Nanga kuchipatala dzulo sanafunse zimenezi? Ndi funso loyamba limenelo."

Feston anayang'ana pansi. "Anafunsa."

"Ndiye?"

"Ndinawafunsa apongozi za tulo."

A Halimah anaika manja kumutu. "Iwe mwana iwe. Ukanapha munthu ndi ulemu."

Anabwerera kuchipatala tsiku lomwelo, a Halimah atawagwira mkono a Nambewe, Feston akutsatira patali. Ulendo uno anatsala panja pabenchi. Patapita nthawi namwino uja anatuluka n'kumuitanira pambali.

"Bhuti, unandinamiza."

"Yebo, sister."

"Mapiritsi amene ndinapereka dzulo amaumitsanso m'mimba. Ndinathira mafuta pamoto chifukwa cha iwe. Munthu wamkulu chonchi matumbo akhoza kutsekeka, tikanakamba za opaleshoni." Anapumira m'mwamba. "Nafenso tili nawo mwambo wolemekeza apongozi, usaganize kuti sindikuudziwa. Ukanangonena kuti sungathe, ndikanafuna mzimayi pamzerepo."

Anati awathandiza pomwepo ndipo awapatsa mankhwala ofewetsa a masiku ochepa, koma mankhwala enieni ali kunyumba. Gogo azimwa madzi tsiku lonse, pang'onopang'ono. Azidya masamba, nyemba, zipatso, ufa wosachotsa madeya. Aziyenda. Ndipo thupi likaitana azipita nthawi yomweyo, popanda wowalondera.

"Kwawo amadya chiyani?" anafunsa.

"Bonongwe, nkhwani, mgaiwa, mapapaya a pakhomo. Amalima okha."

"Ndiye unawachotsera zonsezo n'kuwatsekera m'chipinda ndi buledi?"

Feston anakumbukira mawu ake a ana a mfumu, ndipo anamuwawa m'kamwa ngati ndulu.

Madzulo anakadikira Tereza potsikira matakisi, chifukwa nkhaniyo sakanaikamba m'nyumba ya makoma opyapyala. Anamuuza zonse ali m'mbali mwa msewu, motsitsa mawu kuti odutsa asamve Chichewa. Tereza anamvetsera osaphethira.

"Ndinakufunsani dzulo," anatero. "Ndinakufunsani kawiri."

"Unandifunsa."

"Mukanawaika m'basi ali chomwecho. Masiku onse aja a pamsewu. Akanafera m'manja mwa a Halimah pakati pa Mozambiki, inu muli pano ndi ulemu wanu."

Anayamba kuyenda mofulumira, iye akutsatira. Pakhomo la chinyumba chawo Tereza anaima, nagwira chitsulo cha masitepe, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka.

"Sabata yoyamba anandiuza," anatero. "Anati, Tereza, nyumba yako ilibe kuseri. Ine ndinaseka. Ndinati amayi, kuno ndi kutauni, zonse zili m'kati. Ndimatulutsa kachitini kaja m'mawa uliwonse, ndine mwana wawo, ndipo sindinafunse za zinazo."

Feston anafuna kumuuza kuti mlanduwo ndi wake yekha, koma anaona kuti Tereza sangalole kulandidwa gawo lake. Anakwera masitepe pamodzi, aliyense ndi katundu wake.

Lachisanu kutacha anamasula makina patebulo. Asanawanyamule anasoka chinthu chimodzi chomaliza: chinsalu chochindikala cha makatani chimene munthu wina anachisiya osabweranso, nachipachika pakamwa pa kanjira kaja kuyambira kudenga mpaka pansi. Matiresi anawakokera kutali, pansi pa windo, ndipo wailesi anaiika pashelefu pafupi ndi chinsalucho. Kenako ananjuta pachitseko cha kuchipinda.

"Mwadzuka bwanji, apongozi?"

"Tadzukako bwino lero, akamwini." Mawuwo anali opepuka kusiyana ndi masiku onse.

"Ndabwerera kuntchito kusitolo. Ndizichoka m'mawa, ndizibwera madzulo. Pobwera ndiziimba nyimbo kuyambira pansi pa masitepe." Anawomba m'manja pang'onopang'ono. "Apongozi, ndinakulakwirani. Kuno, ndi kuchipatala, ndi kutchalitchi."

Feston anadikira, mawondo akuwawa pasimenti.

"Amene amakhululuka ndi Mwini wake," linatero thabwa pomaliza. "Pitani bwino, akamwini."

Sanadziwe ngati kumeneko kunali kukhululuka kapena kutsanzika. Pakona pa chitseko, chimene chinali chotseguka pang'ono, anaona chikwama chawo chili chomangidwa kale.

Anasenza makina paphewa n'kutsika. Msewu unali uja womwe anauthawa, ndi anyamata omwe aja oitanira matakisi. Mmodzi wa iwo anamuyang'anitsitsa n'kumuitana.

"Telala! Unali kuti? Buluku langa lang'ambika kalekale."

"Sharp, bwera nalo," anayankha m'Chizulu chake chosweka.

Anasoka tsiku lonse msana uli kukhoma, maso akuthamangira uku ndi uku. Chakumasana anaona a Halimah akudutsa kutsidya kwa msewu kulowera kumsika wa Warwick, ndipo pambuyo pawo, pang'onopang'ono, a Nambewe atavala chitenje chawo chakumudzi poyera. Anafuna kuthamanga kukawabweza. Anagwira tebulo ndi manja awiri n'kukhala pansi.

Madzulo anaima pansi pa masitepe nayamba nyimbo ya chiyamiko imene ankaimba potsekera mapemphero. Mawu ake sanali abwino chibadwire, ndipo masitepewo ankawakuza. Mayi wina wachizulu anasuzumira pakhomo pake n'kupukusa mutu. Feston anakwera pang'onopang'ono, akubwereza ndime iliyonse. Atalowa anapeza wailesi ikulira, fungo la bonongwe wothira tomato lili m'nyumba monse, makoko a papaya ali m'mbale. Patebulo panali jagi ija. Anainyamula. Inali yopepuka, yopanda ndi dontho lomwe. Anaima nayo m'manja nthawi yaitali ngati chikho cha mgonero, kenako anakaidzaza.

Koma chikwama chinali chomangidwabe.

Loweruka Tereza sanapite kuntchito. A Halimah anafika m'mawa, zikwama zawo zamazipi atsopano zili kale pansi ndi mnyamata wa ngolo.

"Mayi a Tereza, basi sidikira munthu! Tikupita kapena sitikupita?"

Tereza anali ataima pakati pa balaza, manja ali pamimba. Feston anayang'ana kuwindo, monga mwa mwambo, pamene chinsalu chinagwedezeka. Anamva mapazi a apongozi ake, ndi chikwama chikukokedwa pansi mpaka pakati pa nyumba.

"Tereza," anatero a Nambewe. Ankalankhula ndi mwana wawo, koma mokweza kuti mawu afike kuwindo. "Uwauze akamwini kuti zipi ya chikwama changa yafa. Sindingakwere nacho basi chili chonchi, katundu angamwazikire m'njira."

"Amayi, zipi imeneyo..."

"Yafa, ndatero. Apite nacho kuntchito kwawo akachione. Koma asafulumire, ndaona dzulo kuti ali ndi ntchito yambiri ya eni dziko."

A Halimah anaseka mpaka kugwira khoma. "Ndiye mpando wanu ndigonapo ndekha mpaka ku Lilongwe. Nanga kumsika muzipita ndi yani?"

"Njira ndaiona. Bonongwe safuna Chizulu, umangoloza. Mayi wogulitsa uja anandiwonjezera ndi tsabola, tinamvana ndi manja. Uwauzenso, Tereza, kuti nyimbo ija amaiyambira pamwamba kwambiri. Pofika pakhomo amakhala akulira ngati mbuzi yomangidwa. Aziyambira pansi."

Tereza anakhala pansi pomwepo pasimenti, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, nkhope ataikwirira m'chitenje cha amayi ake.

Feston anadikira mpaka chinsalu chitagwedezekanso ndi chitseko cha kuchipinda kutsekeka. Anatola chikwamacho, chimene tsopano chinali chopanda kanthu, natsika nacho pamodzi ndi a Halimah. Pamasitepe anakoka zipi ija. Inayenda bwinobwino kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, mano onse ali m'malo mwake.

"Yafadi?" anafunsa a Halimah.

"Yafa kwambiri, anti," anatero. "Ifuna miyezi."

Atafika pakhonde la sitolo anakankhira chikwamacho pansi pa tebulo, pafupi ndi mapazi ake, pamene ankachigunda nthawi iliyonse akasuntha mwendo. Sanachisunthe kuti chisamamugunde. Anaweramitsa mutu pamakina kanthawi, milomo ikuyenda, kenako analowetsa ulusi n'kuyamba buluku la mnyamata wa matakisi uja.